Makina Omvera Cala

Mwezi uno nkhani yathu iyambira ku London. M'caka ca 2008 mumzindawo anatsegula nyumba yodyeramo, dzina lake Inamo, imene inadabwitsa anthu ambiri. Pamwamba pa tebulo lililonse anapacika makina oonetsera zithunzi. Mlendo akakhala pansi, zakudya zinali kuonekera pa tebulo pomwepo, ndipo iye anali kusankha ndi cala cabe. Podikira mbale yake anali kutha kusintha maonekedwe a tebulo, kusewera masewera ndi mnzake, kapena kupenyerera ophika ali pa nchito m'khichini.

Lero makina otere ali m'maiko ambiri: magalasi oitanitsira cakudya m'malo odyera, ndi makina olipirirapo wekha m'masitolo akuluakulu. Kagwiridwe kake ka nchito si ka matsenga. Galasi limamva pamene cala cakhudza, kompyuta nkuyankha ndi cithunzi kapena kulira. Nzeru zimenezi nzoyamikika, ndipo nthawi zambiri zimafupikitsa mzere.

Komabe tidzifunse: mwini malo amagulirenji makina odula cotere? Wamalonda saponya nyambo m'madzi cifukwa comvera cisoni nsomba. Iye adziwa kuti munthu amene maso ndi zala zake zatanganidwa amakhalitsa, ndipo wokhalitsa amapisa m'thumba kawirikawiri. Pa tebulo la cakudya vuto lake ndi laling'ono, pakuti mimba ikakhuta munthu amanyamuka. Koma alipo makina ena amene sakhutitsa.

Ku Britain komweko, m'masitolo obecera munali makina a njuga amene munthu anali kutha kuikapo mapaundi 100 pa masekondi 20 alionse. Mabanja ambiri atalira, boma linatsitsa malire ake kufika pa mapaundi 2 mu April 2019.

Kuno kwathu makina a mtundu umenewu tiwadziwa ndi dzina lakuti bonanza. Tiwapeza m'malo omwera mowa ndi pa makonde a tumasitolo m'makomboni, akuthwanima ndi kuimba. Anawakonza mwa masamu kuti pa ndalama zonse zolowa, zotuluka zicepe. Zotsalazo ndiye phindu la mwini wake. Palibe luso, mwai wa m'maloto kapena mankhwala amene angasinthe masamu amenewa. Munthu akaphonya pang'ono, mtima umamuuza kuti ulendo wotsatira apata, conseco makinawo sakumbukira n'komwe kuti iye waluza kangati. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2413, aphunzitsa kuti masewera a mwai pa iwo okha sali osalungama, koma amaipa akalanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa anthu amene iye asamala. Acenjezanso kuti cilakolako ca njuga cingathe kusandutsa munthu kapolo. Kwacha imodzi ioneka yocepa, koma ikagwa m'makina kakhumi, ndiwo za ana zapita.

Tsono inu atate, musanaponye ndalama m'kabowo kaja, dziwani kuti ndi ya ciani: ya unga, ya lendi kapena ya nsapato za mwana wa sukulu? Inu amai, mwana amene mwamtuma mafuta ophikira akacedwa ku sitolo ndi kubwera ndi cenji coperewera, musathamangire mkwapulo. Khalani naye pansi, mumfunse bwino, ndipo mumfotokozere mmene makinawo amadyera ndalama. Inunso eni masitolo, amene ena mwa inu timapemphera pamodzi pa Sande, musalole ana kuyandikira makina amenewa. Nkhaniyi muikambe m'Tumipingo Ting'onoting'ono, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Tidzakumananso mwezi wamawa.