NKHANI ZOPEKA ZISANKHIDWE NGATI KHOFI

Mlimi aliyense wa khofi ku Nchenachena, m'boma la Rumphi, amadziwa kuti si zipatso zonse zothyoledwa m'munda zimene zimafika ku msika. Zipatso zimayamba zathiridwa m'madzi. Zopepuka ndi zofumbwa zimayandama n'kuchotsedwa, pamene zokhwima bwino zimamira. Mbiri yabwino ya khofi wa m'mapiri a Phoka yagona pa kusankha kumeneku. Phunziro lomweli liyenera kumvedwa ndi onse amene akufuna kuti dziko la Malawi likhale ndi magazini a nkhani zazifupi zopeka za sayansi ndi zodabwitsa.

Magazini otere sanayambe lero. Ku America, Hugo Gernsback anayambitsa Amazing Stories m'chaka cha 1926. Masiku ano ambiri amawerengedwa pa intaneti, pamene sipafunika pepala kapena galimoto yonyamula. Koma kuphweka kumeneku kwabweretsa vuto lake. Mu February chaka cha 2023, mkonzi wa magazini ya Clarkesworld, Neil Clarke, anaona mulu wa nkhani zolembedwa ndi makina a kompyuta, ndipo mwezi umenewo usanathe zinapitirira 500. Iye analeka kwa kanthawi kulandira nkhani kusiyana ndi kupatsa awerengi ake madeya. Apa mpamene pali ulemu wa magazini: mkonzi wodziwa kukana.

Amalawi asonyeza kale kuti luso ali nalo. Magazini ya pa intaneti ya Omenana, imene Mazi Nwonwu ndi Chinelo Onwualu anayambitsa ku Nigeria mu 2014, inasindikiza nkhani ya Ekari Mbvundula yotchedwa Montague's Last. Mu 2015 Shadreck Chikoti anatulutsa ku Lilongwe buku la Imagine Africa 500, la nkhani zolingalira za Afrika zaka 500 zikubwerazi, ndipo muli nkhani za Amalawi monga Muthi Nhlema ndi Tiseke Chilima. Chofunika kukumbukira ndi chakuti alembi anayamba aphunzitsidwa, ndipo nkhani zinadutsa m'manja mwa mkonzi wodziwa ntchito, Billy Kahora wa ku Kenya. Ubwino wa bukuli sunagwe kuchokera kumwamba.

Komabe nkhani zonsezi zili m'Chingerezi, ndipo buku limodzi silingagwire ntchito ya magazini yotuluka nthawi ndi nthawi, m'mene mlembi watsopano amayesa, nakanidwa, nayesanso kufikira atakhwima. Mwana wa sukulu ku Nchenachena, amene amalankhula Chitumbuka kwawo naphunzira Chichewa ndi Chingerezi m'kalasi, ayeneranso kuwerenga za tsogolo m'chilankhulo chimene amachimva bwino.

Zolemba sizikusowa. Makolo a Aphoka ankasungunula chitsulo m'ng'anjo, ndipo zotsalira za ng'anjozo zikuonekabe ku Nyika: imeneyo inali sayansi. Ku Livingstonia, pamwamba pa phiri la Khondowe, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi anayaka mu 1905. Vidokoni, nthano zimene agogo a Chitumbuka amasimba madzulo, ndi zodzaza ndi zodabwitsa. Mnyamata kapena mtsikana wokulira pakati pa chuma chotere alibe chifukwa chokopera nkhani za mizinda imene sanaionepo.

Tsono magazini yabwino iyenera kuyesedwa ndi zinthu zitatu. Choyamba, nkhani ikhale ya mlembi mwini, osati yobedwa kapena yolembedwa ndi makina. Chachiwiri, sayansi ya m'nkhaniyo ikhale yomveka, ndipo zodabwitsa zitsate malamulo amene mlembi wadziikira yekha kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Chachitatu, chilankhulo chikhale chosalala ndi cholembedwa molondola. Chikuto chokongola sichingabise nkhani zofooka, pakuti akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndi bwino kutulutsa nkhani zinayi zokhwima kusiyana ndi makumi awiri zoyandama.

Udindo uli pa onse. Aphunzitsi alimbikitse timagulu ta olemba m'sukulu, ndipo asachite manyazi kubweza nkhani kuti ilembedwenso. Ogwira ntchito m'nyumba zowerengeramo mabuku aonetsetse kuti zolembedwa ndi Amalawi zikufika kumidzi, osathera m'mizinda mokha. Osindikiza alipire alembi, ngakhale pang'ono, monga momwe mlimi amalandirira mtengo wabwino pa khofi wosankhidwa bwino. Atsogoleri a m'madera nawonso aleke kuona nkhani zotere ngati masewera a ana, chifukwa mtundu wosazolowera kulingalira za mawa umangolandira mawa lokonzedwa ndi ena.

Alimi a ku Nchenachena saika khofi woyandama m'thumba chifukwa chofuna kuti lidzaze msanga. Akonzi a magazini a dziko lino achite chimodzimodzi.