BOMA SILINGALOWE M'MALO MWA BANJA

Thandizo la Mtukula Pakhomo, limene linayambira m'boma la Mchinji m'chaka cha 2006 ndi kufika m'maboma onse 28 pofika 2018, lapulumutsa maanja ambiri ku njala. Ku Rumphi nako agogo olera ana amasiye, olumala ndi odwala matenda a mgonagona amalandira kangachepe kogulira ufa, sopo ndi makope. Imeneyi ndi ntchito yotamandika. Chodandaulitsa nchakuti abale ena amene ali pantchito ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Johannesburg aleka kutumiza thandizo kumudzi, ati popeza Boma likuwapatsa. Maganizo otere ngolakwika, ndipo ngoopsa.

Mtukula Pakhomo anakonzedwera makomo 10 okha mwa makomo 100 alionse, amene ali osaukitsitsa ndi opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Ndiponso gawo lalikulu la ndalamazi lakhala likuchokera kunja, monga ku World Bank, Germany ndi European Union. Dzanja la mlendo limatha kufumbata tsiku lililonse. Zinaoneka m'chaka cha 2013 pamene maiko othandiza anaimitsa ndalama zao chifukwa cha Cashgate, ndipo zinaonekanso mu 2025 pamene America inadula thandizo la USAID. Nanga nkhalamba ya ku Bolero kapena ku Mhuju idzatsamira yani tsiku lotero, ngati ana ake anaiiwala kale?

Mbiri ya Rumphi yomwe ikuyankha. Chiyambire 1894, pamene Dr. Robert Laws anakhazikitsa sukulu ku Khondowe, makolo ankadzimana kuti mwana aphunzire, ndipo wophunzirayo akapeza ntchito ankalipirira ang'ono ake. Khofi wa ku mapiri a Phoka ndi fodya wa ku chigwa cha Henga zaphunzitsa aphunzitsi, anamwino ndi makalaliki ochuluka. Pamene amuna anali ku migodi ya Wenela, amai ndi azilamu ndiwo anasunga midzi. Edzi itasesa makolo, agogo ndi azakhali ndiwo anatola ana. Zonsezi zinachitika Mtukula Pakhomo asanabadwe.

Komatu banja lolimba si lija lolanda ng'ombe ndi malata kwa mkazi wamasiye maliro akangotha. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaletsa mchitidwe umenewu, ndipo mafumu a m'dera la Chikulamayembe ndi madera ena onse ayenera kuima nalo. Wolanda chuma cha ana a mbale wake akuonjezera maina pa kaundula wa Boma.

Tsono atsogoleri a Chipani m'nthambi ndi m'madera afotokozere anthu kuti thandizo la Boma ndi ndodo chabe, miyendo ndi banja. Ogwira ntchito m'Boma ayambe ndiwo kuonetsa chitsanzo: pakutha pa mwezi akumbukire kumudzi, alipirire mphwao fizi, akafolere nyumba ya amai ao mvula isanagwe. Boma lingathe kumanga chipatala, koma wodikirira wodwala usiku wonse ndi mbale wake. Chibale ndi fupa, sichiola.