Kapepala ka pagalasi sikabweza Prado

Abale anga a pamsika, tisanamizane, kachewere wa ku Lobi walemeretsa anthu. Inu amene mumapikula ku Chimbiya kapena kudikira malole pa Wakawaka ku Lilongwe mukuwadziwa anthu ndikunenawa. Dzana lomweli ankakwera pamwamba pa matumba, chisanu cha ku Dedza chikuwaluma makutu, lero akutsika mu Fortuner, Prado kapena Hilux ya zitseko zinayi, kiyi akumuzunguza pachala. Nsanje ayi, ndi thukuta lawo. Ndiponso njira za kumadimba kumapiri kuja, mvula ikagwa, kagalimoto kakang'ono kamangokhala pamimba, ndiye galimoto yaitali si matama okha.

Yanga nkhani sabata ino ndi ya kapepala kaja timamata pagalasi, ka inshulansi.

Lamulo la pamsewu la 1997 limakakamiza mwini galimoto kukhala ndi inshulansi ya mtundu umodzi basi, ija amati third party. Ntchito yake ndi kulipira munthu wina: amene mwamugunda, wa kabaza amene mwamuthyolera njinga, mwini mpanda umene mwagwetsa. Apo ponso pali malire a ndalama zimene kampani ingapereke. Nanga galimoto yanuyo? Ikapsa, zanu. Ikagubuduzika, zanu. Mbava zikaitenga usiku, kampani idzangoti pepani bwana, ndipo sidzakhala italakwa.

Chimene chimatipusitsa ndi rodibuloko. Wapolisi amayang'ana deti la pa kapepala, nkuti pitani. Munthu nkumayenda mtima uli m'malo, ati galimoto yanga ili pa inshulansi. Ili pa inshulansi inde, koma ya anthu ena.

Yoteteza galimoto yeniyeniyo, kuphatikizapo kubedwa, ndi ija amati comprehensive. Apa mpamene pagona nkhani, chifukwa mtengo wake amawerengera pa mtengo wa galimoto. Galimoto ikadula, nayo imadula. Ndiye wina afunsa: galimoto ikukalamba chaka ndi chaka, bwanji pokonzanso mapepala akundiuza ndalama zambiri kuposa chaka chatha, chonsecho sindinagunde ngakhale nkhuku?

Yankho lili pa kwacha. Galimotozi sitipanga kuno, ngakhale nyale yake kapena galasi zimagulidwa ndi ndalama zakunja. M'mwezi wa May 2022 kwacha anaitsitsa mphamvu ndi 25 peresenti. Mu November 2023 anaitsitsanso ndi 44 peresenti, dola imodzi nkuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 m'mabanki. Tiyeni tiwerenge ngati tikuwerenga matumba. Galimoto ya madola 30,000 inali ya K35 miliyoni ndi kakusefukira. Kutacha tsiku limenelo inali ya K51 miliyoni, ili chiimire pakhonde pomwepo. Tsono tingoyerekeza kuti kampani imatenga K5 pa K100 iliyonse. Amene ankalipira K1.75 miliyoni pachaka afunika K2.55 miliyoni. Kampani sinakweze kalikonse, yakwera ndi galimoto.

Ndalama imeneyo ndi mpamba wa munthu. Ndi feteleza, ndi mbewu, ndi aganyu. Nchifukwa chake ambiri amachita chimodzi mwa ziwiri: kutsikira ku third party mwakachetechete, kapena kumuuza wa inshulansi kuti lembani mtengo wakale womwewo. Yachiwiriyi imaoneka yochenjera, koma ndi yomwe imaliza amuna aakulu. Mukalembetsa K35 miliyoni, galimoto nkubedwa, sadzakupatsani kuposa pamenepo, komanso adzachotsapo gawo lija mumayenera kusenza nokha, lomwe amati excess. Pitani nazo pa malo ogulitsira magalimoto mukaone ngati mubwerako ndi inzake. Makampani ambirinso, mukachita ngozi yoti galimoto nkukonzedwa, amalipira molingana ndi gawo limene munalembetsa. Munateteza magawo awiri mwa atatu, akulipirani magawo awiri mwa atatu. Kwatsalako gulitsani mbuzi.

Mwina wina akuti ku Lobi kuno angabe ndani, tonse timadziwana. Eetu timadziwana. Koma Mozambique ali pamphuno pomwepa. Anthu a kuno ndi a ku Angonia ndi amodzi, amakwatirana, amayenderana pa maliro, ndipo njira zolowera uko osadzera pa chipata cha Dedza ndi Calomue aliyense akuzidziwa. Njira imene imadutsa njinga ya chimanga ikhozanso kudutsa galimoto yaitali, ndipo galimoto zimenezi anazipangira njira zotero. Komanso si kuti galimoto imagona ku Lobi masiku onse. Imagona pa resitihausi ku Lilongwe, imaima pa depoti ku Limbe mwini wake akutolera ngongole.

Pomwepa pali msampha wina. Mapepala a inshulansi amanena dera limene galimoto ili yotetezedwa. Mukawoloka nayo kukagula mbatata ku Ulongue musanaiuze kampani, makamaka podzera njira ya kutchire, nkukabedwa komweko, konzekani mkangano. Ndipo musadalire Yellow Card ya COMESA: iyo ndi third party chabe, komanso Mozambique sali m'bungwe limenelo.

Chimodzimodzi ntchito ya galimoto. Munalembetsa kuti ndi yoyendera inu ndi banja, kutchalitchi ndi kuukwati, chifukwa mtengo wake ndi wotsika. Koma Lachiwiri lililonse yadzaza matumba a eni ake, pamwamba anthu a matola. Tsiku la tsoka wofufuza wa kampani adzafika, ndipo anthu a pamsika, mukudzidziwa nokha, sitisunga chinsinsi.

Tsopano za ku Joni. Kumeneko Hilux, Fortuner, Prado ndi Land Cruiser zili m'gulu la galimoto zomwe mbava zimakonda kwambiri, mpaka makampani ena a inshulansi anayamba kulamula eni ake kuti aikemo tiraka, kachipangizo kolondolera kumene galimoto ili, ena mpaka awiri, apo ayi sakulipira. Zina mwa galimoto zobedwazo amaziwolotsa mtsinje wa Limpopo kulowa ku Zimbabwe, zina ku Mozambique, ndipo apolisi a ku South Africa akhala akugwira zina zili pa ulendo wa kuno kwathu. Ndiye mnyamata akakupezani pa Lobi ndi Fortuner yonyezimira, mtengo theka, ati mwini wake ali pa mavuto a msangamsanga, mapepala abwera mawa, gwirani thumba lanu. Apolisi a m'maiko a kuno kummwera amagawana mbiri ya galimoto zobedwa kudzera ku Interpol, ndipo galimoto yochokera kunja imayenera kuunikidwa nambala ya injini ndi ya chasisi isanalembetsedwe. Ikapezeka kuti ndi yobedwa amailanda. Palibe inshulansi imene imalipira munthu chinthu chimene sichinali chake. Ndalama zapita, galimoto yapita, mwinanso nkugona m'chitokosi masiku angapo mukufotokoza.

Ine ndikuona chonchi: amene sangathe kulipira comprehensive pa mtengo weniweni wa lero, Prado sanafikepo. Agule kaye lole yakale ya matani awiri, imabweretsa ndalama ndipo ikatayika siimutengera nyumba. Ndikudziwa mabwana ena andida nazo, zilibe kanthu.

Amene muli nayo kale, mwezi wokonzanso mapepala musatume mwana. Pitani nokha, mukhale pansi, mufunse: ikabedwa mundipatsa zingati m'manja, mutachotsa zonse? Nditawoloka nayo malire? Ataithawitsa dilaiva wanga yemwe? Ayankhe polemba. Risiti ikhale ya kampani, osati ya munthu wa chikwama wokumana naye pa Road Traffic, pakuti mapepala achinyengo aliko. Kampani ikamazemba kulipira popanda chifukwa, dandaulo limapita ku Reserve Bank, kwa Registrar of Financial Institutions, amene amapereka ziphaso kwa makampaniwa. Ndipo tsiku lokadandaula adzafuna lipoti la apolisi, bulubuku ndi makiyi, kawirikawiri onse awiri. Wachiwiriyo, bwana, ali ndi ndani?