"Sindinaledzere": momwe ogwidwa akuyendetsa atamwa mowa amadzionera

Nyengo ya zikondwerero ikafika, apolisi apamsewu amachuluka m'misewu ndi makina opimira mowa m'thupi. Ena mwa ogwidwa amakafika kukhoti n'kulipira chindapusa. Koma mukacheza nawo, ambiri sadziona ngati zidakwa zoika miyoyo pachiswe. Amati anangomwa mabotolo awiri, kwawo kunali pafupi, msewu amaudziwa bwino, kapena anali ndi tsoka chabe kuti akumane ndi apolisi.

Mu 1957, akatswiri a ku America, Gresham Sykes ndi David Matza, anafotokoza njira zomwe ophwanya malamulo amadzikhululukira nazo: kukana kuti vuto ndi lawo, kunena kuti palibe amene wavulala, ndi kuloza chala owadzudzula. Madalaivala ogwidwa atamwa amayankhulanso chimodzimodzi.

Nthawi zambiri munthuyo sakunama dala. Mowa umayamba kufooketsa mbali ya ubongo yomwe imaweruza zinthu ndi kuletsa munthu kuchita zoopsa, miyendo isanayambe kudzandira. Choncho amadzimva kuti ali bwino pomwe akuchedwa kuponda buleki. Wozolowera mowa ndiye amanyengeka kwambiri, chifukwa saoneka woledzera ngakhale mowa uli wochuluka m'magazi. Ulendo uliwonse womwe wafika bwino kunyumba umamutsimikizira kuti ndi katswiri.

Lamulo la ku Malawi limaika malire pa magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi. Bungwe la WHO limalimbikitsa malire a 0.05, chifukwa ngozi zimayamba kuchuluka munthu asanafike pa 0.08. Chiwindi chimachotsa mowa pang'onopang'ono, ndipo botolo limodzi limatenga ola kapena kuposerapo. Khofi, kusamba madzi ozizira kapena kudya nsima pambuyo pake sizifulumizitsa ntchitoyi. Amene wamwa mpaka usiku akhoza kudzuka mowa udakali m'magazi.

Tsono inu makolo ndi odzipereka pa zaumoyo, kuuza munthu kuti "usayendetse ukaledzera" sikukwanira, chifukwa iye savomera kuti waledzera. Kambiranani asanamwe: abwera bwanji kunyumba, ndipo makiyi asunga ndani? Uzani ana anu kuti asakwere galimoto kapena njinga yamoto ya kabaza ngati woyendetsa akununkha mowa, ngakhale atakhala malume awo. Ngati wachibale wagwidwa kangapo, mulimbikitseni apite kuchipatala akakambirane za kamwedwe kake.