Injini sinafe, ndife tinaitaya

Mvula yagwa, udzu wakula pabwalo la tchalitchi, ndipo dandaulo lija labweranso: makina otchetchera udzu akukana kulira, wotigulitsa anatibera, tisonkhe tigule ena. Ine ndikukana. Makina ogula kwa wina, kaya ndi a Honda kaya a Briggs & Stratton ochokera ku Joni, kawirikawiri sakhala atafa. Chimene chimawagoneka ndi kusasamala kwathu.

Injini yotere imafuna zinthu zitatu: petulo wabwino, mpweya, ndi moto wa pa pulagi. Petulo wa kuno kwathu amasakanizidwa ndi ethanol, amene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kupanga mu 1982, ndipo ethanol amakoka chinyezi. Inu munasiya petulo m'thanki chilimwe chonse. Waguga, wasanduka phula, watseka timabowo ta m'kabureta. Mukhuthuleni, masulani kambale ka pansi pa kabureta, tsukani, kenaka thirani watsopano. Wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu wa M1 mulekeni, pakuti simudziwa chimene anathiramo.

Yang'anani sefa ya mpweya. Fumbi la kuno ku Kasungu silisiya kanthu, ndipo injini yobanika siilira. Masulaninso pulagi. Ngati yada ndi mwaye, ipukuteni kapena gulani ina. Mtengo wake sufika ngakhale pang'ono pa mtengo wa makina. Chingwe chikamakubwezani mkono pokoka, dziwani kuti mpeni unagunda chitsa kapena mwala, ndipo kakiyi kofewa ka pa flywheel kaduka. Kanapangidwa dala kuti kaduke m'malo mwa shafiti.

Musanagwire mpeni, zulani waya wa pulagi, pakuti chala chikaduka sichiphuka. Popendeketsa makina, mbali ya sefa ikhale pamwamba, kuopa kuti oyilo angalowemo.

Tsono ndikufunsani: mudzapita bwanji kwa mayi wamasiye amene wadikira ndalama ya fodya chaka chathunthu, n'kumuuza kuti asonkhenso, inu musanamasule ngakhale pulagi imodzi? Amakaniko ena nawonso amathamangira kuphwasula injini yonse kuti bilu ikule. Musawalole asanaone zitatuzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Udzu ukadzasiya kukula mu Meyi, sankhani munthu mmodzi akhuthule thanki, asinthe oyilo, asunge makinawo pouma. Dzina lake lilembedwe m'buku la komiti, kuti Disembala akafika tidzadziwe womufunsa.