Pulogalamu ya Pakompyuta Singatisankhire Zochita

Nkhani imene yakula pakati pathu ndi yogula pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsera ntchito za bungwe lathu. Amene akufuna kuti tigule ali ndi mfundo zomveka. Ntchito zatichulukira: thumba la maliro lothandiza kutumiza thupi kumudzi, fizi ya ana amasiye, mjigo umene tinalonjeza, komanso chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu cha pa 6 July. Zolemba zake zamwazikana m'makope, m'mafoni ndi m'mitu ya anthu. Kuti pakufunika dongosolo sitikutsutsa ayi. Chimene tikukana ndi maganizo akuti dongosolo limagulidwa ngati shuga.

Dziko lomwe tikukhalali linaphunzira zimenezi ndi misozi. M'chaka cha 2002 boma la a Tony Blair linayambitsa ntchito yotchedwa National Programme for IT, yofuna kuti mbiri ya matenda a wodwala aliyense ku England izipezeka pakompyuta m'zipatala za NHS. Makampani akuluakulu monga BT, Accenture, Fujitsu ndi CSC ndiwo anapatsidwa ntchitoyo. Accenture inachoka mu 2006, mgwirizano ndi Fujitsu unatha mu 2008, ndipo mu 2011 boma linalengeza kuti likuthetsa ntchito yonseyo. Pofika 2013, komiti ya aphungu yolondoloza ndalama za boma inapeza kuti mtengo wake unali pafupifupi mapaundi 10 biliyoni.

Sikuti zonse zinalowa m'madzi. Zithunzi za X-ray zinayamba kuonedwa pakompyuta m'malo mwa mafilimu, ndipo zimenezi zinathandizadi. Koma cholinga chachikulu chija sichinatheke. Mfundo zinkachokera kumwamba, madokotala ndi anamwino sanafunsidwe mokwanira, mapangano anasainidwa mothamanga, ndipo zinthu zitayamba kupotoka panapita zaka asanapezeke wolimba mtima woti aimitse. Safunsa anadya phula.

Akatswiri oyendetsa ntchito m'mabungwe amasiyanitsa mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti: kodi ntchito iyi tikuigwira bwino? Apa mapulogalamu monga Microsoft Project, Asana ndi Trello amathandiza. Amaonetsa amene wapatsidwa chochita, tsiku lomaliza, ndalama zomwe zalowa ndi gawo lomwe likudikira linzake. Funso lachiwiri ndi lakuti: mwa ntchito zonse zimene tili nazo, ndi ziti zoyenera kugwira, ndi ziti zodikira, nanga ndi ziti zoleka? Funso limeneli ndilo lolemera, pakuti ndalama ndi anthu n'zochepa kuposa zofuna. Ngakhale njira ya PRINCE2, imene boma la Britain linatulutsa mu 1996, imalamula kuti pakutha pa gawo lililonse akuluakulu aunikenso ngati ntchitoyo ikadali ndi phindu, ndipo ngati ilibe, itsekedwe. Kompyuta ikhoza kundandalika ntchito zathu zonse mokongola, koma siingauze tcheyamani kuti ntchito imene amaikonda iyambe yaima.

Ambiri mwa ife timasamalira okalamba, ndipo nkhaniyi timaiona ndi maso. M'nyumba zambiri zosamalira okalamba makope analowedwa m'malo ndi timakina ta m'manja. Timakinato timachenjeza mankhwala akachedwa, ndipo n'zabwino. Koma usiku umene antchito achepa, kamakina sikatembenuza gogo pabedi kuti asachite zilonda. Kamangolandira chimene chala chadina. Chala chikanama, lipoti limatuluka loyera pamene gogo akuvutika.

Kwathu ku Malawi tinaonanso zomwezi pa mlandu wa Cashgate mu 2013. Boma linali ndi pulogalamu yoyendetsera ndalama yotchedwa IFMIS. Anthu ena amene anali ndi chilolezo cholowamo ankalipira makampani omwe sanagwire ntchito iliyonse, kenaka n'kufufuta zolembazo. Lipoti la kampani ya Baker Tilly la mu 2014 linasonyeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasowa m'miyezi 6 yokha. Pulogalamu inalipo. Chimene chinasowa ndi maso a munthu wina woyang'anira mnzake.

Tsono ife tichite chiyani? Tikupempha msonkhano waukulu ukubwerawu kuti uganizire mfundo zinayi.

Choyamba, ntchito zonse zilembedwe pa tsamba limodzi: dzina lake, woiyang'anira mmodzi, ndalama zofunika, tsiku lomaliza ndi anthu amene apindule. Excel ndi yokwanira pa zimenezi.

Chachiwiri, tiziike m'ndondomeko ya kufunika kwake. Kwa ife, thumba la maliro likhale patsogolo, ndipo ndalama zake zisabwerekedwe ndi ntchito ina iliyonse, ngakhale yabwino chotani. Tsiku limene mmodzi wa ife adzatisiya, banja lake silidzafunsa za chikondwerero.

Chachitatu, tisapitirire ntchito zitatu pa nthawi imodzi. Anthu omwewo amene amagwira mashifiti a maola 12 ndiwo amayendetsanso makomiti. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Chachinayi, miyezi itatu iliyonse tiziunika ntchito zonse pamaso pa mamembala, ndi mphamvu yoimitsa imene yakanika. Ndalama zisatuluke popanda anthu awiri kusaina, ndipo mawu achinsinsi olowera mu zolemba asakhale ndi munthu mmodzi yekha.

Tikatha chaka tikuyenda motero, tidzadziwa chimene tikusowa, ndipo pamenepo nkhani yogula idzakhala ndi mutu. Tidzafunsanso mafunso oyenera: mtengo wake pamwezi kwa munthu aliyense, amene adzaphunzitse anzake, ndi mmene mayina ndi maadiresi a mamembala adzasungidwire motsatira lamulo la Data Protection Act la 2018.

Ndalama zimene timasonkha ndi thukuta la usiku wopanda tulo. Tisazipereke kwa wogulitsa pulogalamu tisanagwirizane tokha chimene tikufuna. Bwerani ku msonkhano, ndipo aliyense abwere atasankha ntchito imodzi imene angalole kuti idikire.