ZA AMAYI: Kubwerera Pakati pa Anthu

Sabata ino tikambirane za mnzathu amene wakhala zaka zambiri akubindikira m'nyumba, osaoneka kumaliro, kuchinkhoswe kapena kumapemphero, ndipo tsopano nthawi yakwana yoti abwerere pakati pa anthu. Ndikunena makamaka za mayi amene anadwala fisitula, nthenda ija yochititsa kuti mkodzo uzingotuluka usana ndi usiku osaleka.

Poyamba tiidziwe bwino nthendayi, pakuti zonena za anthu n'zambiri. Imabwera pamene mayi wavutika nthawi yaitali pobereka, tsiku lathunthu kapena masiku awiri, mwana osatuluka chifukwa njira yachepa kapena mwanayo wagona mopingasa. Mutu wa mwana umapanikiza mnofu wa mayi pafupa, magazi amaleka kuyenda pamenepo, mnofu uja umafa, ndipo pakapita masiku ochepa pamabooka pakati pa chikhodzodzo ndi njira yotulukira mwana. Nthawi zina kubookako kumafika kumatumbo, chimbudzi n'kumatulukanso. Kawirikawiri mwanayo amabadwa atamwalira kale. Choncho amene amati ndi ufiti, kapena chilango cha chigololo, akunamizira munthu wosalakwa amene ali kale pachisoni.

Nthendayi imachizika. Madokotala amasoka pobookapo pa opaleshoni, ndipo amayi ambiri amabwerera kwawo ali ouma. Pachipatala cha Bwaila ku Lilongwe pali malo apadera othandizira amayi otere, amene anatsegulidwa mu 2012, ndipo chithandizo chake n'chaulere. Nalo bungwe la United Nations linapatula tsiku la 23 May, kuyambira mu 2013, kuti maiko onse azikumbukira za nthendayi chaka ndi chaka.

Tsono dokotala akamaliza ntchito yake, yathu imayamba. Ife amene timayenda m'magulu a amayi timaona kuti mayi amatha kuchira thupi, koma miyezi n'kumapita iye akukhalabe monga wodwala. Taganizani za moyo umene anazolowera. Ankatunga madzi mbandakucha anzake asanafike pamjigo. Ankadzimana kumwa madzi poopa kunyowa. Ankadya yekha, kugona yekha, kuchapa nsanza zake usiku kuti anthu asaone. Munthu akakhala chomwecho zaka zisanu kapena khumi, kucheza amaiwala monga momwe dzanja limaiwalira khasu. Mudzamuona akukhala kumapeto kwa mphasa, ndipo akaimirira amayamba wacheuka kuona pamene anakhala. Mukamupatsa moni amayankha chapansipansi, maso ali pansi. Nkhani za m'mudzi zinamudutsa: sadziwa amene anakwatiwa, amene anamwalira, ngakhale maina a ana obadwa m'nyumba yoyandikana nayo. Amene anabindikira 2016 isanafike, mwina ndalama ya pepala ya K2,000 imene inatuluka chaka chimenecho sanaigwirepo bwino, nanji ya K5,000 ya mu 2022. Pamsika amachita manyazi kufunsa mtengo, poopa kusekedwa. Anthu osadziwa amayamba kunena kuti ndi wonyada kapena wasokonekera mutu, chonsecho ndi mantha chabe.

Ndiyambe ndi inu mayi amene mwachira, kapena amene wina akukuwerengerani tsamba lino. Musadzikakamize kuchita zonse tsiku limodzi. Pang'ono pang'ono ndi mtolo. Yambani ndi moni. M'mawa uliwonse khalani pakhonde kanthawi, ndipo aliyense wodutsa mumufunse mmene wadzukira. Mawu adzayamba kutuluka mosavuta pakatha sabata imodzi kapena ziwiri.

Kenaka sankhani mnzanu mmodzi amene mtima wanu umamukhulupirira, kaya ndi mchemwali wanu, kaya mlamu wanu, kaya mayi wa kumpingo. Muzipita naye kumjigo dzuwa litatuluka, nthawi imene anzanu amakhalako. Poyenda muzimufunsa za m'mudzi, kuti mukadzakumana ndi ofedwa mudzadziwe kupepesa, ndipo mukadzakumana ndi amene anakwatitsa mwana mudzadziwe kuyamikira.

Kucheza kumapepuka manja akakhala pantchito. Anzanu akamatongola chimanga, kusenda mtedza kapena kusadzula masamba, khalani nawo. Pantchito yotere palibe amene amayembekezera kuti muyankhule zambiri, ndipo nkhani zimabwera zokha. Koma kumbukirani malangizo a kuchipatala: kusenza zolemera, kusinja ndi kulima mudikire kufikira miyezi imene adokotala anakuuzani itakwana. Madzi imwani ambiri monga anakulangizani, chifukwa chizolowezi chakale chodzimana madzi chimaononga thupi.

Pambuyo pake bwererani kumapemphero, kutchalitchi kapena kumzikiti. Ulendo woyamba mukhoza kukhala chakukhomo, kuti mtima ukachita phuma mutuluke pang'ono ndi kubwereranso. Sabata yotsatira sunthirani m'kati. Kukagwa maliro, pitani, ngakhale kwa maola ochepa. Pamaliro ndi pamene mudzi umawerenga anthu ake, ndipo amene wakhala nawo pasiwa palibenso womuyesa mlendo.

Konzeranitu yankho la mafunso, chifukwa ofunsa sadzalephera kupezeka. Mawu ochepa akwanira: "Ndinadwala, ndinapita kuchipatala, tsopano ndili bwino, zikomo." Za thupi lanu ndi zanu, mungafotokozere amene mwafuna nokha. Ndipo ngati mkodzo ukudonthabe pang'ono, musabwerere kukabisala. Zimachitika kwa amayi ena opaleshoni itatha. Pitaninso kuchipatala akakuoneni, pakuti ena amachira atasokedwa kachiwiri.

Tsopano nditembenukire kwa ife anansi ndi abale, chifukwa mbali yaikulu ili kwa ife. Munthu amene anapewedwa zaka zambiri sangayambe ndiye kugogoda pakhomo lathu. Tiyambe ndife kupita kwa iye. Tisapite gulu lonse nthawi imodzi ngati tikukaona chodabwitsa. Apite mmodzi kapena awiri, akhale kanthawi kochepa, abwerenso mawa lake. Kubwera kawirikawiri kumaposa kukhalitsa tsiku limodzi.

Mukafika, khalani pamphasa yake yomwe, pafupi naye. Akakupatsani madzi, imwani. Akakuphikirani nsima, sambani m'manja mudye naye mbale imodzi. Kale anthu ankakana chakudya chake, ndipo bala limenelo silipola ndi mawu okoma okha. Limapola tsiku limene iye aona mnzake akunyema nsima yophika iye mwini, n'kupempha ndiwo zoonjezera.

Pocheza naye, musamufunsefunse za kuchipatala, ndiponso musamukumbutse za fungo lakale, ngakhale mwanthabwala. Muuzeni za m'mudzi, mitengo ya zinthu kumsika, za kumunda. Akakhala chete, musafulumire kudzaza mpata kapena kumuyankhira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina akakana kutuluka, musakhumudwe. Mawa mukamuitanenso.

Chifundo chokha chimatopetsa wochilandira. Mupatseni ntchito imene ena akuidalira. Pamaliro kapena paukwati mumuike pagulu la ophika, agawe nawo chakudya poyera anthu akuona. M'gulu lathu la amayi mumupatse kanthu kosunga, kaya ndi kope, kaya ulusi ndi singano. Kubanki ya m'mudzi mumulandire ngakhale ali ndi kandalama kochepa, ndipo mumuthandize kuyamba kageni kopepuka monga kugulitsa tomato kapena zitumbuwa. Wogulitsa amayankhula ndi anthu ambiri patsiku, ndipo lilime limamasuka iye osadziwa. Komanso pemphani nzeru kwa iye. Mayi amene wabwerekedwa mchere kapena wafunsidwa kaphikidwe ka thobwa amadziwa kuti akuwerengedwa.

Ana athu tiwalangize. Maina achipongwe amene ankamuitana nawo anawamva kwa ife akuluakulu, ndipo ndife tingawaletse. Muwatume kunyumba kwake ndi kambale ka ndiwo, akagwade ndi kupereka moni mwaulemu monga achitira kwa mayi wina aliyense.

Anankungwi ndi ankhoswe, inunso muli ndi mbali yanu kwa abambo a pakhomopo. Kuchipatala amalangiza kuti banja lidikire miyezi ingapo, kawirikawiri itatu kapena kuposerapo, lisanayambenso kukhala malo amodzi, kuti posokedwapo palimbe. Amalangizanso kuti mayi asafulumire kutenga pathupi, ndipo akadzatenga, adzayambe sikelo msanga ndi kukachirira kuchipatala pa opaleshoni. Bambo akamvetsa zimenezi, naperekeza mkazi wake kumsika kapena kutchalitchi anthu akuona, pakamwa pa amiseche pamatsekeka. Kumene bambo anathawa kale, abale a mayiyo asamukakamize kulowa banja lina msanga pofuna kuchotsa manyazi. Ayambe wapeza mphamvu ndi anzake.

Zimene takambiranazi zithandizanso ena. Pali mayi wamasiye amene maliro a mwamuna wake anatha kalekale koma sanayambenso kuyenda. Pali amene anamaliza miyezi isanu ndi umodzi ya mankhwala a chifuwa chachikulu koma anthu akumutalikirabe. Pali mayi amene wakhala zaka akudwazika kholo lake osachoka pakhomo, ndiponso mtsikana wokwatiwa kumene m'tauni, wokhala mumpanda wa njerwa osadziwa ndi mmodzi yemwe. Onsewa njira yake ndi yomweyo: moni, mnzake mmodzi, ntchito yogwirira limodzi, kenaka gulu.

Makolo anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu. Choncho ndikukupemphani, amayi anzanga, kuti pamsonkhano wa gulu lanu sabata ino mufunsane kuti ndani m'dera lanu amene simunamuone pagulu chaka chino. Musankhe awiri oti akamuone Loweruka lisanafike. Mukapeza kuti ndi mayi amene akudwalabe nthenda tatchulayi, uzani mlangizi wa zaumoyo kapena anamwino a pachipatala chapafupi, akuuzeni njira yomufikitsira kumene angathandizidwe.

Tsalani bwino, tidzachezanso sabata yamawa.

Ine mnzanu wa m'gulu la amayi.